Daku Kuseri kwa Chipatala

Ndikukumbukira kuti ndili mwana ku Chowe ndinkapereka moni kwa chitsa cha mango chimene chinali panjira yopita kumjigo. Ndinkachiyesa agogo ena amene akhala pansi kupumula, ndiye pokhala mwana woleredwa bwino ndinkapinda mawondo n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji?" Anzanga ankachita kugubuduka ndi phwete. Diso langa lamanzere linali lofooka chibadwire, ndipo lamanja limene ndinkadalira linayamba kuchita kachifunga koyera pakati, ngati utsi wa zinyalala zonyowa. Kusukulu aphunzitsi ankalemba pabolodi, ine n'kumangomva choko chikulira.

Bambo anali kunyanja ku Monkey Bay, kukoka chilimila cha eni ake, choncho nkhani ya diso langa inagwera amayi okha. Anayesa madzi amchere, anayesa masamba ena owawa amene ankandifinyira m'diso ine ndikuphiriphitha. Potsiriza anandikweza matola, tinatsika mapiri mpaka kuchipatala cha pa boma. Kumeneko anati ndi ng'ala, yofunika opaleshoni. Anatinso madokotala a maso a ana amangobwera mwa apo ndi apo kuchokera kumzinda, ndipo tikaphonya ulendo umenewo, podzabweranso diso likhoza kukhala litaiwaliratu kuona.

Kumudzi nkhani inawanda. Amjomba, alongo awo a amayi, ananenetsa kuti kuchipatala amakolowola diso la munthu n'kuikamo la mbuzi. "Ameneyu azidzangoona msipu wokhawokha," anatero. Ine sindinaope kwenikweni. Ndinaona kuti diso la mbuzi loona linali labwinoko kuposa langa lopatsa moni zitsa. Amayi sanaseke nawo. Anandimeta mpala, anachapa malaya anga a pa Idi, anamanga kambaula, kampoto ndi mpunga m'chitenje, tinanyamuka.

Anatigoneka dzulo lake la opaleshoni. M'wodi munkanunkha mankhwala okolopera, ndipo kutentha kwa pa boma kunkamata malaya kumsana. Namwino wina wamfupi, wa mawu aakulu ngati kondakitala, anandidontheza mankhwala m'diso, n'kulemba kachizindikiro pamwamba pa nsidze yamanja. Kenako anauza azimayi onse kuti kuyambira pakati pa usiku mwana asalawe kanthu, ngakhale tiyi, chifukwa adzamugonetsa ndi mankhwala. Amayi anavomera ndi mutu, ndipo anamva bwinobwino. Koma kwathu munthu sasala kudya popanda daku, chakudya cha mbandakucha chimene timadya m'mwezi wa Ramadani kuti tilimbe mpaka dzuwa kulowa. Ngati munthu wandevu amadzutsidwa kuti adye daku, nanga mwana wopita ku mpeni? Kwa iwo, lamulo lija linali la anthu osadziwa kasalidwe.

Azana yoitanira anthu kumzikiti isanamveke kuchokera cha kwa Mponda, amayi anandigwedeza phazi n'kunditulutsa monyang'ama kupita kuseri kumene magadiyani amaphikira. Mpunga wotentha, usipa wa tomato, tiyi wa shuga wochita kumata milomo. Ndinadya mpaka mimba inakungika ngati ng'oma.

Kutacha anativeka timikanjo tobiriwira totsegula kumbuyo, n'kutindandalika pabenchi. Namwino uja ankafunsa mayi aliyense ngati mwana wadya. "Iyayi, anesi," anatero amayi, ndipo mumtima mwawo sankanama, pakuti chitulukire dzuwa ndinali ndisanalawe kanthu. Namwino anandisisita pampala. "Njala yavuta eti, bambo?" Ine, wonyadira kuti ndikusala ngati munthu wamkulu, ndinayankha mokweza kuti onse amve: "Olo pang'ono! Ine ndadya daku!"

Namwino sanakalipe. Ananjuta pafupi ndi amayi n'kuwafotokozera m'Chiyao, pang'onopang'ono, kuti mwana akagonetsedwa mimba ili yodzaza, mpunga uja ukhoza kubwerera n'kulowa m'mapapo, mwana osadzukanso. Madokotala ankabwerera kwawo tsiku lomwelo. Namwino analowa m'kati n'kukhalitsa. Atatuluka anati adokotala avomera kundiika kumapeto kwenikweni, mimba ikaphwa, ngati nthawi ilole.

Tsiku limenelo ndi limene ndinasala zenizeni. Anzanga ankalowa mmodzimmodzi n'kutuluka pamachira atamatidwa bandeji. Dzuwa linapendeka. Kunja ndinkamva dalaivala wa madokotala akupakira mabokosi m'galimoto, ndipo bokosi lililonse likati gu, amayi ankandifinya phewa. Iwonso sanalawe ngakhale madzi, milomo yokha ikuyenda ndi mapemphero. Titatsala awiriwiri pabenchi, chitseko chinatseguka. "Bwana wa daku, tiyeni!" anaitana namwino uja. Anandivundikira kumphuno ndi kachinthu konunkha ngati patapata watsopano, n'kundiuza kuti ndiziwerenga manambala. Ndinagona ndisanafike patali, ndipo zinandikomera, poti masamu anga ankathera pomwepo.

Mawa lake atamatula bandeji, kuwala kunandibaya, misozi chuchuchu. Zitakhazikika, ndinaona kuti chitenje cha amayi chimene ndinkati n'chofiirira basi chinali ndi timaluwa tachikasu. Ndinakweza mutu. "Amayi, kodi muli ndi mphini kumaso?" Anaseka ndi kulira pamodzi, mpaka namwino anawapatsa mpando. Amjomba atabwera kudzationa anandiyang'anitsitsa m'diso kwa nthawi yaitali, kenako anati mbuzi yake inali yabwino.

Kuchokera pamenepo amayi anakhala msilikali wa malamulo a chipatala. Mankhwala odontheza sankaphonya. Tsiku lokaonetsa diso likafika, kaya kugwe mvula, kaya chimanga chidikire kupalira, tinkatsika mapiri. Kuchipatala anandipatsa magalasi amene ankandikulitsa maso ngati a kadzidzi, ndipo ulendo uliwonse ankandiimika patsogolo pa chipepala cha chilembo cha miyendo itatu kuti ndiloze ndi zala kumene chayang'ana. Sukulu sindinapite nayo patali, koma pamabenchi aja, podikira dzina langa, ndinayamba kuphatikiza zilembo za pamakoma. Buku langa loyamba linali chipepala cha matenda a kolera. Mpaka lero ndimawerenga chilichonse, ngakhale nyuzipepala yokulungira zitumbuwa, mafuta ali waliwali.

Masiku ano zinthu zinasintha. Mwana wanga wamkazi ndimapita naye kukapimitsa maso asanadandaule n'komwe, ndipo nkhani ya mbuzi ana amangoiseka. Namwino uja sindinamudziwe dzina, koma ndikatsegula buku ndimamukumbukira atanjuta pafupi ndi amayi, osawachititsa manyazi pagulu.

Chaka chatha ng'ala inagwira amayi. Gadiyani ndinali ine, ndipo ndinawalondera ngati nkhokwe: tiyi ayi, madzi ayi. M'mawa namwino wachitsikana atamva zimenezi anadabwa. Anati akuluakulu sawagonetsa, amangowabaya kajakisoni kochititsa dzanzi padiso, ndipo akanatha kumwa kaphala bwinobwino. Amayi anatembenukira kumene kunkachokera mawu anga, diso lili mbuu, n'kupukusa mutu. "Waona iwe? Ine ndinakudyetsa. Iwe wandimana daku."