Mvula Imene Ndinamwetsa Ng'ombe

Ntchito ya pansi pa mgodi ku Bindura inandikana mwezi woyamba womwe, chifuwa chinavuta. Ndiye ndinakalembedwa yoweta ng'ombe pa famu ina yapafupi, Chishona ndisanachidziwe, mkazi wanga ali woyembekezera. Nyumba ya mukomboni inali ya wantchito. Ntchito ikatha, nyumbanso yatha.

Kunabwera mzungu wina, dokotala wa ziweto, wofuna kudziwa kuchuluka kwa madzi m'thupi mwa ng'ombe popanda kuipha. Ankabaya mankhwala oyezedwa bwino mu mtsempha wa pakhosi, n'kudikira maola angapo, kenako n'kutenga magazi. Zili ngati mchere mu ndiwo: msuzi ukachuluka, mchere sumveka. Mankhwala akapezeka atasukuluka kwambiri, ndiye kuti madzi m'thupimo ndi ambiri. Ng'ombe ikamwa pa nthawi yodikirayo, zonse zawonongeka. Izi ndinazidziwa mochedwa.

Tsikulo anabaya zisanu n'kuchoka. Kapitawo wathu, Mzezuru wa imvi wolankhula Chishona, anandiitana.

"Iwe muNyasarandi, mombe idzi hapana mvura. Wanzwa?"

"Ndamva, bambo."

Ndinamvadi, koma m'Chichewa: ng'ombezi zisanyowe ndi mvula. Ndinayang'ana kumapiri, kunali timitambo. Ndinalowetsa ng'ombezo mu shedi ya fodya kuti ngakhale dontho lisazigwere. Dzuwa litaswa mtengo zinayamba kulira, ine n'kuzitungira madzi ndowa zingapo, ndikudziyamikira kuti ntchito ndikuidziwa. Kwathu mvula ndi yogwa kumwamba basi. Kuno ndi madzi a m'ndowa omwe amati mvura.

Dokotala pobwera anaona ndowa yonyowa, anangokhala pansi pa chitsa. Mankhwalawo anali ochokera kutali, ena analibe. Khukhi wa mwini famu, mnzanga wa kwathu, anandinong'oneza tanthauzo la mawu aja tikupita kukhonde la bwana wake.

Mwini famu anayamba ndi kapitawo.

"Unamuuza?"

"Ndinamuuza, bwana."

Kenako anandifunsa ine kudzera mwa khukhi uja: "Anakuuza kuti zisamwe madzi?"

"Za madzi sanandiuze, bwana."

Palibe liwu labodza pamenepo, ndaliyesa zaka zambiri. Koma ndinkadziwa chimene ndikuchita, ndipo manyazi ake sanandichoke.

Kapitawo anachotsedwa ntchito Loweruka lomwelo, atakalambira pa famuyo. Katundu wake anali wochuluka, mkazi wake sakanatha yekha. Ndinawathandiza kunyamula mpaka kumsewu, ndipo kapitawoyo anandithokoza.