Makope anayi opita ku Hong Kong

M'chaka cha 1997 ndinkagwira ntchito ku Nairobi, mu ofesi ya mipingo yomwe inkatulutsa kanyuzipepala ka masamba khumi ndi awiri. Mkonzi ndinali ine. Utolankhani ndinauphunzira ku Blantyre nthawi ya chipani chimodzi, pamene tinkalemba kuti "munthu wina wati" ngakhale munthuyo ali mlamu wako. Zinthu zitasintha kwathu mu 1994 ndinalumbira kuti sindidzabisanso dzina m'nkhani. Ndinkalemba dzina, udindo, kwawo kwa munthu, ndi chithunzi chomwe ngati chilipo. Ndinkanyadira nazo zimenezi.

Mu ofesimo munali sisitere wochokera ku Hong Kong, namwino, amene ankayang'anira kachipatala kathu ku Kawangware. Nthawi yawo ku Kenya inkatha mu Ogasiti. Pa 1 Julaye Angerezi ankabweza mzinda wa Hong Kong ku China, ndipo ine ndinaona kuti nkhani ili pakhomo pompano. Tsiku lina mu Meyi ndinakhala nawo pansi tikumwa tiyi, kabuku kanga kolembamo kali patebulo. Tinayamba ndi za kachipatala. Kenako anandiuza kuti akakhala kwawo ankawoloka malire kangapo pa chaka kulowa m'China, atanyamula mankhwala ndi timabuku ta mapemphero, kukaona Akhristu opemphera m'nyumba popanda chilolezo cha boma. Anatchula chigawo. Anatchulanso mayi wina wokalamba, mlongo wa bambo awo, amene anthu ankasonkhana m'nyumba mwake.

Iwo ankayesa kuti cholembera chinaima pa za kachipatala. Ine sindinafunse. Ndinalemba zonse pa tsamba 7, pamodzi ndi dzina ndi chithunzi chawo.

Kanyuzipepalako katatuluka, Lachisanu m'mawa ndinachedwa pa Jogoo Road, minibasi yochokera kumene ndinkakhala ku Donholm itaima pamzere pafupifupi ola. Ndinapeza a sisitere ataima pa desiki yanga, kanyuzipepala kali kotsegula m'manja. Sanandipatse moni.

"Zatumizidwa kale?" anafunsa.

Amene ankadziwa anali bambo wina wa ku Ntcheu, wosunga mndandanda wa olandira ndi kumata masitampa. Anathawa kwathu m'zaka za m'ma 1970 chifukwa cha kalata imene analembera mnzake, ndipo sanabwererenso. Ine ndinkawatchula kuti achikulire, iwo ankanditchula a mkonzi, mawuwo akuwakoka pang'ono.

"Zopita kunja ndinakaponya dzulo masana," anatero achikulire. Anatsata mndandanda ndi chala. "Hong Kong, anayi. Parishi, nyumba ya masisitere, sukulu ya ansembe, ndi nyumba yowerengeramo mabuku."

A sisitere anakhala pampando.

Ndinayamba kuwawerengera mfundo, poti ndi zimene ndimadziwa. Pangano la Angerezi ndi China likuti zaka makumi asanu popanda kusintha kakhalidwe ka mzindawo. Makhoti akhala omwewo, manyuzipepala omwewo, mabanki omwewo. China sangaphwanye msika umene ukumupindulira.

"Mu Hong Kong sandigwira," anatero mofatsa. "Ine ndikunena za pawindo la pamalire. Mpaka lero mbali iyi kuli mwini wake, mbali inayo kuli wina. Kuyambira Julaye mwini ndi mmodzi. Akandibweza pawindopo zili bwino. Choopsa n'choti andilole kudutsa, kenako anditsate mpaka pakhomo pa azakhali."

Ndinathamangira ku positi ofesi ya mu tauni ndili ndi kalata yochokera kwa abwana athu. Mayi wa pakauntala anandimvetsera mwaulemu, analowa m'kati, n'kubwerera kudzandiuza kuti matumba a ndege ananyamuka dzulo lomwe. Ndinatuluka n'kuima pa Kenyatta Avenue.

Makope otsala anali akadali m'mabokosi. Nditabwerera ndinapeza achikulire atagula malezala pa kiosiki, atayala kale katoni patebulo.

"Khalani apa, a mkonzi. Muika rula pamphepete, mukoka kamodzi. Mukakoka kawiri mudula ndi tsamba 9 lomwe."

"Mwaphunzira kuti zimenezi?"

"Simukumbukira magazini akunja mmene ankafikira ku Limbe? Tsamba 20, kenako 23. Kwathu ankatichitira a boma. Inu mwawapeputsira ntchito, mukudzichitira nokha."

Ndinatenga lezala. Tinadula tsiku lonse ndi Loweruka lomwe. Kuseri kwa tsamba 7 kunali chithunzi cha abusa akutsegulira mjigo, ndipo achikulire anati amenewo tidzawapepesa ndi mbuzi. Palibe amene anaseka kupatula iwo eni. Masamba odulidwawo tinawatentha m'mgolo kuseri kwa ofesi. Limodzi ndinalipinda n'kuika m'thumba.

A sisitere anaimba mafoni anayi. Sanatchule za nkhaniyo pafoni, ankangoti envelopu yochokera ku Nairobi ikafika isatsegulidwe, muli cholakwika. Ku parishi ndi ku nyumba ya masisitere anavomera. Ku sukulu ya ansembe anati aiyembekezera. Ku nyumba ya mabuku anayankha munthu wosamudziwa, amene anati zonse zobwera pa positi zimaikidwa pashelefu poti aliyense awerenge, ndipo anafunsa kuti akuimba ndani. A sisitere anadula foni.

Mwambo wobweza mzindawo tinauonera kunyumba kwanga ku Donholm. Kumeneko inali pakati pa usiku, kwa ife inali nthawi ya chakudya chamadzulo pa 30 Juni. Mkazi wanga anawaikira a sisitere mbale, koma sanaikhudze. Mbendera ina inatsika, ina inakwera. Iwo ankayang'ana nkhope za anthu okhala m'mipando, ngati akufuna kuona amene wawerenga tsamba 7. Patapita sabata, mu Nairobi momwemo apolisi anathira utsi wokhetsa misozi anthu ofuna kusintha malamulo, ndipo tinatseka ofesi masana. Achikulire anati, "Mwaona, a mkonzi? Kuno atsamunda anachoka kalekale."

A sisitere ananyamuka mu Ogasiti. Pa bwalo la ndege anandigwira dzanja n'kunena kuti adikira kaye miyezi ingapo asanawoloke, aone mmene zinthu zikhalire.

Makalata awo ankabwera kawiri pa chaka. Ndinkatsegula ndili chiimire, ndikuyang'ana kaye m'mphepete mwa envelopu ngati yamatidwa kawiri, chizolowezi cha kwathu chimene ndinkayesa kuti ndinasiya. Munkakhala nkhani zabwino. Bwalo la ndege latsopano latsegulidwa. Sitima zikuyenda pa nthawi yake. Manyuzipepala akutukwanabe akuluakulu. Ndinkawawerengera achikulire, iwo n'kufunsa funso limodzi lokha: "Za azakhali alembapo?" Sankalembapo.

Kalata ya mu 2003 inali yaitali. Analemba kuti pa 1 Julaye anayenda nawo mumsewu ndi khamu la anthu okana lamulo latsopano la chitetezo, dzuwa likuswa mtengo, ndipo palibe amene anamenyedwa. Kumapeto kwenikweni analemba kuti azakhali anamwalira mu Marichi. Uthenga unawapeza patatha milungu itatu. Chibwerere kuchokera ku Nairobi sanawoloke malire ngakhale kamodzi. Kabuku kowolokera kanali kabwinobwino, palibe amene anawaletsa, palibe amene anawaitana kukawafunsa mafunso. Kawiri konse anafika pa siteshoni yomaliza, n'kuona mzere wa pawindo, n'kukwera sitima yobwerera. Sanandidzudzule. Anafunsa ngati denga la kachipatala ku Kawangware linakonzedwa.

Achikulire anamvetsera mpaka kumapeto, n'kubwerera ku masitampa awo.

Tsamba lija ndikadali nalo. Nkhaniyo ilibe cholakwika ngakhale chimodzi: dzina ndi lolondola, chigawo n'cholondola, zaka za azakhali n'zolondola. Kope lachinayi lija sindikudziwa ngati linatsegulidwa n'komwe. Mwina linagona pashelefu mpaka linatayidwa, osaliwerenga munthu. Mwina wina analijambula n'kulisunga m'faelo yomwe ikudikirabe. A sisitere sanathe kudziwa, ndipo anasankha kusagogoda pa chitseko cha azakhali awo pafupifupi zaka zisanu ndi chimodzi.