Mmene a Chidendene Anasakira Loya Maso Ali Pansi

A Chidendene sanayambe ayang'anapo munthu kumaso. Si manyazi ayi, ndi ntchito. Munthu amene wakhala moyo wake wonse pa kampando kafupi pansi pa masitepe a depoti ya basi, akusoka nsapato, dziko amaliona kuyambira m'mawondo kutsika m'munsi. Mukawapatsa moni amayamba aona chimene mwavala kuphazi, kenako n'kuyankha. Akuti pa ukwati wawo mkwatibwi anamuzindikira chifukwa cha zidendene zomwe anali atazikhoma okha, ndipo mpaka lero mayi akunyumba akagula nsapato zatsopano amayenera kudzitchula pakhomo, apo ayi amalandiridwa ngati mlendo.

Ntchitoyi anaiphunzira kwa malume awo, amene anawasiyira malo a pansi pa masitepewo, hamala yogwedera mpini, ndi chiphunzitso chimodzi: pakamwa pamanama koma nsapato sinama. Wachinyengo amadya soli cham'mbali. Waphuma amatha kutsogolo. Wamavuto amakwekwesa chidendene. Pa malo amenewo, ochepa ngati chitseko chogoneka pansi, a Chidendene anasokerapo nsapato zokwanira kuveka dziko lonse ndi mayiko oyandikana nalo, analererapo ana, ndipo guluu amene anamutha pamenepo akanatha kumata phiri losweka pakati.

Ndiye tsiku lina panaima nsapato zakuda zosapindika, zoti mwiniwake amangokhala pa desiki. Anali a khonsolo. Anamata pepala pakhoma lonena kuti chiphaso cha a Chidendene chogwirira ntchito pamalopo chathetsedwa, mwezi ukamatha akhale atasamuka. Chifukwa chake sanalembe. A Chidendene anapita ku ofesi kukafunsa, khomo loyamba linawatumiza lachiwiri, lachiwiri linawakweza m'mwamba, m'mwambamo anawauza kuti bwana ali ku msonkhano. Bwana ameneyo, mwa maonekedwe, anabadwira ku msonkhano ndipo adzaikidwa komweko.

Amene anabwera ndi nzeru anali alamu awo, mng'ono wa mayi akunyumba, mayi amene nkhani imamupeza isanachitike.

"Alamu, apa pafunika loya," anatero. "Koma osangotola. Pali maloya a maukwati, pali a akuba, pali a makampani. Inu mukufuna wa milandu ya boma, wokhwima, amene anakalambira kukangana ndi maofesi."

"Nanga ndikamudziwa bwanji? Amavala chikwangwani?"

"Mufunse anthu, ngati mmene amachitira anzanu."

A Chidendene sanamve zimenezo, chifukwa m'mutu mwawo munali mutayaka kale nyali. Loya wolimbana ndi maofesi ndi munthu wa masitepe, wa mizere, wa makomo otumizana. Nsapato zake ziyenera kukhala zodyeka kumbuyo chifukwa choimirira, zokalika kumphuno chifukwa chokwera, zopindika pakati chifukwa chobwerera wopanda yankho. Anadzambatuka pa kampando mpaka polishi anagubudukira pansi pa basi.

"Alamu, ndamupeza."

"Kuti?"

"Sindinamuone, koma nsapato zake ndikuzidziwa."

M'mawa mwake anavala jekete la ukwati lija, lomwe tsopano limakumana mabatani mwa pangano lapadera, anatenga kachikwama ka zida poti wosoka sayenda manja lende, ndipo alamu anatsatira kumbuyo kuti, mwa mawu awo, pakhale mboni.

Ofesi yoyamba inali ya zitseko zagalasi. Loya wake anali mnyamata waulemu, ndipo a Chidendene anagwetsa chipewa dala kuti aone kunsi kwa desiki. Soli inali yosalala ngati tsaya la khanda. Mnyamatayo anamva nkhani yonse n'kunena moona kuti iye ndi wa mapangano a makampani, za khonsolo si zake. A Chidendene anatuluka akugwedeza mutu mokhutira.

"Ndinaona kale, alamu. Soli ija sinapondepo ngakhale nyerere."

Wachiwiri anali chimunthu cha mawu ogwedeza mawindo, nsapato zosongoka ngati kamwa la ng'ona, zoti zimafika m'khoti mwiniwake akadali panjira. Atamva nkhaniyo anaseka mpaka mafailo anasuntha pa shelefu.

"Ine ndine wa milandu ya upandu, bambo. Mukamumenya wa khonsoloyo, mubwere."

"Musawapatse maganizo," anatero alamu, akuwakokera kunja.

Pamenepo a Chidendene anaganiza zokatchera pamene nyama zimamwera. Anakakhala pa sitepe yam'munsi ya khonde la khoti, maso pansi. Zinadutsa nsapato za mitundu yonse, zonyezimira, zolira, zobwereka. Kenako, dzuwa litafika pamutu, zinatulukira. Zigamba pamwamba pa zigamba. Chidendene chodyeka mpaka misomali ikumwetulira. Mphuno yokalika ngati yakwera masitepe onse amene anamangidwapo chilengedwere dziko. Pamwamba pake panali madala a suti yotuwa, atanyamula chikwama chotupa ndi mapepala.

A Chidendene anagwira alamu pamkono.

"Ndi awo."

"Mwawafunsa?"

"Ndifunsenso chiyani? Taonani kuphaziko. Ameneyu boma likamuona limabisala kuseri kwa kabati."

Anawathamangira, anavula chipewa, n'kukhuthula nkhani yonse osapuma. Madalawo anamvetsera mwachifatse. Kenako anayamba kuyankha, ndipo a Chidendene anangotsala pang'ono kuvina. Madala ankadziwa khomo lililonse la khonsolo, kalaliki amene amapita kukadya n'kubwerako mawa, benchi imene ili ndi msomali, ngakhale zenera limene bwana wa msonkhano uja amasuzumirapo. A Chidendene anawakhazika pa sitepe, anawavula nsapato mwaulemu, n'kuyamba kuzisoka pomwepo. Anaika soli yatsopano, anakhoma zidendene, anapaka polishi mpaka alamu anadzionerapo n'kukonza duku.

"Ndiye mlandu wathu tiuyamba liti, bwana loya?"

"Loya wake uti, mwanawe?"

"Inuyo."

"Ine ndinali dalaivala wa boma. Nsapatozi zinatha posaka penshoni yanga. Kuno amanditcha a Bweranimawa."

Alamu anakhala pansi kuti aseke bwino. Anaseka mpaka mlonda wa khoti anabwera kudzafunsa ngati pali amene wakomoka.

"Alamu anga, mwalemba ntchito wodwala mnzanu kuti akhale dokotala."

A Chidendene anangoyang'ana soli yatsopanoyo ngati munthu woperekeza maliro. Koma a Bweranimawa anaponda pansi, anamva kufewa kwake, ndipo nkhope inawala.

"Musadandaule. Penshoniyo ndinalandira kalekale, kungoti miyendo sinamve, imandibweretsabe kuno m'mawa uliwonse. Amene anandiwombola ndi mayi wina. Maofesi ndiye munda wake. Tiyeni."

Ofesi ya mayi loya inali pamwamba pa sitolo ya zitsulo, kachipinda ka mafailo ofika kudenga ndi fani yozungulira mwa ulesi. Mayiwo anali a imvi za apo ndi apo, magalasi ali pamphuno. Izi anaziona ndi alamu. A Chidendene anaona chinthu chimodzi chokha: nsapato zazitali zidendene, zoyera bwino, zosadziwa fumbi. Mtima wawo unagwera m'sokosi.

"Anakuitanani kuti mukanene mbali yanu asanathetse chiphasocho?" anafunsa mayi loya.

"Ayi, mayi."

"Anakuuzani chifukwa?"

"Ayi."

"Munalakwirapo lamulo la pamalopo? Mundiuze zoona, ndisakazimvere kwa iwo."

"Nthawi ina ndinakhomera kondakitala chidendene chopotoka, koma anayamba ndi iye."

"Imeneyo si ya khonsolo. Tamverani, bambo. Ofesi ili ndi mphamvu, koma siyenera kulanda munthu pogwirira ntchito osamumva komanso osapereka chifukwa. Sindikulonjezani kuti tipambana, woweruza si ine. Koma milandu yotere ndaiyendera moyo wanga wonse, ndipo siifuna kuchedwa. Tikagwirizana, tiyamba lero."

Anafotokoza bwino za malipiro ndi mmene ntchito idzayendere, alamu akugwedeza mutu ndi kuwatsina a Chidendene m'nthiti kuti avomere. A Chidendene anayang'ananso nsapato zoyerazo. Mawu anali abwino, koma malume anati pakamwa pamanama.

"Kaganizeni," anatero mayi loya. "Ine ndili ndi ulendo wa ku khonsolo komweko pa nkhani ina."

Anavula nsapato zazitali zija, anaziika pambali ngati mbale za alendo, n'kukoka katoni pansi pa desiki. A Chidendene anasuzumira. Munali manda a nsapato. Zafulati zokhazokha, zakutha, zong'ambika, zina zitayasama ngati zikufuna kuchitira umboni. Mayiwo anasankhamo peyala imene inali idakali ndi kamoyo n'kuivala. Kumbuyo yodyeka. Kumphuno yokalika. Pakati yopindika. Poyerekeza ndi zimenezi, za a Bweranimawa zija zinali za mwana wa sukulu ya mkaka.

"Zazitalizi ndi za m'khoti," anatero ataona akuyang'anitsitsa. "Za maofesi ndi izi. Peyala sichedwa kutha."

Zimene zinachitika pamenepo alamu amazifotokoza mpaka lero. A Chidendene anadzutsa mutu pang'onopang'ono, khosi likulira ngati chitseko cha dzimbiri, n'kuyang'ana munthu kumaso.

"Mayi, ndasaina pati?"

"Simunasaine."

"Ndipatseni ndisaine paliponse, ngakhale pakhoma."

Anatsika masitepe a sitolo ya zitsulo ngati anyamata, mayi loya patsogolo, a Bweranimawa akulozera njira zachidule, a Chidendene akuuza aliyense wokumana naye kuti boma lilowa m'madzi lero. Mwezi usanathe khoti linapereka chiletso choti asasamutsidwe. Pambuyo pake linalamula kuti khonsolo iyambe yawamva, ndipo bwana uja anatuluka mu msonkhano koyamba m'mbiri, akuphethira ngati wotuluka kudzenje. Chifukwa chomveka chinasowa, chiphaso chinabwerera.

A Chidendene akadali pansi pa masitepe a depoti. A Bweranimawa miyendo yawo inaphunzira njira yatsopano, tsopano amakhala pa benchi ya makasitomala n'kumalangiza aliyense amene sanafunse. Tsiku lina mayi loya anabwera ndi nsapato zafulati zija m'jumbo kuti azikonze. A Chidendene anazitembenuza, anazisisita, anaika kachikopa kofewa mkati kuti msomali usamabaye, n'kuzibweza kunja kuli momwemo.

"Bambo, nanga chidendenechi?"

"Chimenecho sindikhudza, mayi. Wina akubwera m'mbuyomu ndi pepala la khonsolo m'manja. Ndikachikonza, akudziwani bwanji?"