Njere Yanga ya Mgwalangwa

Uthenga unandipeza ndikupeta nandolo, ine lichero pansi, nandolo mbwee! Mdzukulu wanga wamkazi, mwana wa mwana wanga wamkazi, wapambana anzake onse kusukulu ku Balaka pa masewera a yoyo, kachidole kaja kotsika ndi kukwera pa ulusi. Nthungululu yanga anaimva mpaka kumsika wa Nselema. Alihamudulila, ndinavina, fumbi koboo!

Koma atafika patchuthi, chimwemwe chinandiwawa. Yoyo yake samanga pachala ngati ana ena, iyayi. Kumapeto kwa ulusi kuli mkanda waukulu wofiira, amaufumbata, amautaya m'mwamba, yoyo uku, mkanda uku, n'kuuwakhanso.

"Mkandawu wautenga kuti?"

"Anandipatsa anganga aku Balaka."

Asewere anga! Amayi a bambo ake, omwe amamusunga kuti aphunzire. Mwana ndi wa mbumba yanga, mchombo wake unakwiriridwa kuseri kwa nyumba yanga, koma m'dzanja mwake wafumbata a ku Balaka? Pachikondwerero cha kupambana kwake chomwe ndikukonza pakhomo pano, anthu akafunsa, ndiyankha chiyani ine?

Ndinamubweretsera mwala wosalala wa kumtsinje kuti amange m'malo mwa mkandawo. Anaseka.

"Anganga, mukufuna kundigulula mano? Cha kumapeto chizipepuka kuposa yoyo. Chikalemera chimakoka zonse."

Ndinabweretsa njere ya malambe. Akuti yapepuka, ingouluka ngati ntchentche. Ndinabweretsa ndolo yanga. Akuti ili ndi msonga, icheka chikhatho. Aa, mwana ameneyu, kukana kwake ngati wogula mbuzi!

"Gwirani muone nokha," anatero. Anandiimika pamchenga, kutali ndi miphika, akuti woyamba amagwetsa ndithu. "Ulusi upite pakati pa zala, mkanda ukhale m'kati. Ponyani kaye yoyo yokha mpaka dzanja lizolowere. Kutaya mkanda n'kwa mawa."

Ine mkanda wa asewere unkandiotcha m'manja. Ndinautaya m'mwamba tsiku lomwelo. Unazungulira n'kundimenya pamphumi, pha! Ngakhale mkanda wawo umandidziwa.

Koma kulemera kwake dzanja linasunga. Ndinatuma mlamu wanga wopita ku Liwonde kuti anditolere zipatso za mgwalangwa. Ndinaswa, ndinatulutsa njere yolimba ija, ndinapala pamwala, kuyesa m'dzanja, kupalanso, ndinaboola ndi msomali wamoto, ndinapaka mafuta mpaka waliwali.

Mtsikana anaiponya, anaiwakha.

"Ili bwino, anganga. Koma pampikisano ndizigwiritsabe wofiira, dzanja linazolowera."

"Za mpikisano n'za ku Balaka. Pabwalo panga pano uponya yanga."

Anaimanga. Tsiku la chikondwerero njere yanga inauluka, inauluka, inadutsa pansi pa mkono, inabwerera m'chikhatho, aliyense wofunsa ndinamuyankha kuti njereyo ndi yanga ndisanafunsidwe bwino. Anabwera akulu anga ndi ndodo yawo, anabwera achimwene a kwa Nsamala panjinga, anabwera mlamu wotola migwalangwa, amayi a zitumbuwa, mwalimu wa madarasa ndi ana ake, mpongozi wanga, bambo a mtsikanayu, ali mwee kusekerera, atsikana a pachitsime onse. Anabweranso asewere anga, ndinawayalira mkeka watsopano patsogolo penipeni, kuti aone bwinobwino.