Batani Lotumizira Imelo Linasowa ku Nkope

Ababa atafa ziwalo mbali ya kumanja, ine ndinali ku Blantyre, kumene ndimagwira ntchito yosunga katundu pa kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira. Achemwali anga aakulu ndiwo anandiimbira. Ndinapempha tchuthi chachifupi, n'kukwera basi, ndipo ndinakawapeza atatulutsidwa kale m'chipatala, ali chigonere kwathu ku Nkope.

Ntchito yanga pakhomo inali yodziwikiratu. Amayi anatisiya kalekale, ndipo mwana wamwamuna ndilipo ndekha. Achemwali ankaphika, kuchapa ndi kuwamwetsa phala, koma kuwasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwanyamula kupita nawo kuchimbudzi, ababa sankalola kuti achite mwana wamkazi. Pakamwa panali patapindika, mawu sankatuluka bwino, koma achemwali akangoyandikira ndi beseni, ankapukusa mutu mpaka misozi kulengeza.

Tchuthi chitatsala pang'ono kutha, zinali zoonekeratu kuti sindingawasiye. Ndinaimbira abwana. Anandimvetsa, anapepesa, koma anati pempho loonjezera masiku liyenera kuchokera pa imelo yanga ya kuntchito kupita kwa mayi woona za antchito lisanathe Lachisanu. Uthenga wa pafoni sauwerengera. Kupanda kutero, masiku otsatirawo alembedwa kuti ndajomba.

Sindinade nkhawa. Imeloyo ndinali nditaitsegulapo ndili kutali ndi ofesi: umangolowa patsamba la kampani, kulemba dzina ndi pasiwedi, basi. Kwathu netiweki imagwirako kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mathandala amene aneba amayanikapo usipa. Ndinakaima pamenepo, ntchentche zikunditera kumaso.

Dzina ndi pasiwedi zinalowa. Koma chimene chinatuluka sichinali chimene ndinkachidziwa. Mawu onse anaunjikana kumanzere, ena pamwamba pa anzawo, ngati ukonde wopiringizika. Pamene pankakhala mabatani panali timabokosi topanda kanthu. Ndinafufuzafufuza mpaka ndinapeza polembera, ndinalemba pempho langa mwaulemu wonse, koma batani lotumizira panalibe. Ndinakokera tsambalo uku ndi uku, kugoneka foni chopingasa, kuchepetsa zilembo, osaoneka. Mapeto ake ndinadina kabokosi kena mongolota, ndipo zonse ndinalembazo zinafufutika.

Ndinaimbira mkulu wa makompyuta wa kuntchito kwathu, munthu wofatsa, wa msinkhu wanga. Ndinamva akugogoda makiyi, kenako anati, "Kunotu ikutseguka bwinobwino, achimwene."

Ndinamuuza kuti ine sindili kumeneko. Anandiuza kuti ndizimitse foni n'kuyatsanso. Ndinatero. Anati ndifufute zakale zonse zimene pulogalamu yotsegulira intaneti inasunga, ndipo anandilondolera pang'onopang'ono mpaka ndinafufuta. Anati ndisankhe kuti tsamba lizioneka ngati la pakompyuta. Zilembo zinasanduka tinyerere, koma timabokosi tinali tomwe tija. Anati ndiike pulogalamu ina. Foni inakana kuti yadzaza, ndiye ndinachotsa zithunzi za paukwati wa mnzanga ndi nyimbo za kwaya zimene ndinkazikonda. Pulogalamuyo ili pafupi kumaliza kulowa, bandulo inatha.

Nthawi yonseyi ababa ankandiitana. Tinawaikira supuni ndi kapu yachitsulo pafupi ndi dzanja lamanzere, ndipo akafuna thandizo ankagogoda. Ndinkathamangira m'nyumba, kuwathandiza, kusamba m'manja, n'kubwerera kumathandala, kupeza tsamba landitulutsa, ndiyambirenso pasiwedi. Tsiku lotsatira zinali chimodzimodzi. Achemwali anapirira, koma tsiku lina atandipeza nditakweza foni m'mwamba, madzi osamba ababa akuzizira pakhonde, anandifunsa, "Kodi achimwene, munabwera kudzadwazika kapena kudzaitanira mvula ndi foniyo?"

Ndinajambula chimene chinkaoneka pasikirini n'kumutumizira mkulu wa makompyuta uja pafoni. Ataona, anandiimbira n'kunena kuti zimenezi n'zachilendo. Kenako anati kuti vutoli alilembe m'dongosolo lawo, ndibwino ndilifotokoze pa imelo. Ndinadula foni osatsanzika, chinthu chimene sindichita kawirikawiri. Iyeyo anaimbanso yekha, akuseka mwamanyazi, kupepesa kuti anayankhula mwachizolowezi.

Mphunzitsi wina wa pasukulu yapafupi, amene timapemphera naye, anandibwereketsa laputopu. Tinailumikiza ku foni yanga, tinakhala pamipando kuseri kuja. Apo tsamba linabwera mwa mtundu winanso: pamwamba dzina la kampani looneka bwino, pansi ponse poyera, kachinthu kakungozungulira pakati osaleka. Nditamufotokozera mkulu wa makompyuta, m'pamene anakumbukira kundiuza kuti ine nditachoka anasintha maonekedwe a imelo pa seva, kompyuta yaikulu ya kampani. Atsopanowo anali olemera, ndipo netiweki ikakhala yofooka zidutswa zina za tsamba zimathera panjira. Anati pali posankha maonekedwe akale, opepuka, ndingodina kachizindikiro kooneka ngati gudumu kumtunda kumanja. Ndinamuuza kuti kumtunda kumanja kulibe chilichonse. Ndinamupempha kuti andisinthire yekha kumeneko, anati amene ali ndi mphamvu zotero ndi bwana wake, ndipo ali ku maphunziro. Ndinamupempha kuti akauze mayi woona za antchito zimene zikuchitika. Anakawauza, ndipo yankho linali lakuti akumva chisoni, koma lamulo ndi lamulo.

Lachisanu m'mawa ndinawasambitsa ababa, kuwaveka, n'kuwauza kuti ndikupita ku boma ku Mangochi ndipo sindichedwa. Ndinapempha aneba athu, asodzi achikulire amene anakula nawo limodzi, kuti akamva kapu ikulira alowe. Minibasi inaimaima paliponse, ikudikira anthu ndi madengu awo. Nditafika pashopu ya makompyuta pafupi ndi msika, magetsi anali atazima. Mwini shopu anati magetsiwo abwera posachedwa, ndipo poti nthawi ya swala inali itakwana, anatseka n'kupita kumzikiti. Ndinakhala pakhonde ndikuyesa pafoni, koma batire linali litafooka ndi kuyesayesa kwa m'njira, ndipo foni inazima tsamba lisanatseguke.

Magetsi atabwera, tsamba linatseguka msanga, loyera bwino, chilichonse pamalo pake. Batani lotumizira linali pomwepo, lalikulu, labuluu. Ndinalemba mizere yochepa, ndinatumiza, ndinapeza kagudumu kaja n'kusankha maonekedwe akale. Zonsezo zinatha mofulumira kuposa mmene munthu amamwera kapu ya tiyi. Yankho linabwera ndisananyamuke pampando: pempho lavomerezedwa.

Ndinafika ku Nkope dzuwa litapendeka. Achemwali anali panja, maso ali ofiira. Anandiuza kuti ababa anagogoda kapu chakumasana, aneba analowa, koma anawakana. Achemwali atayesa, anawakananso. Anadziipitsira pogona, ndipo kuyambira pamenepo anakana phala ndi madzi omwe, atatembenuzira nkhope kukhoma.

Ndinatenthetsa madzi, ndinatseka chitseko. Powakweza anali opepuka kuposa mmene ndinkawadziwira, munthu amene kale ankakoka bwato yekha kulitulutsa m'madzi. Sanandiyang'ane. Nditamaliza kuwapukuta anayesetsa kuyankhula, ndipo ndinachita kuwerama kuti ndimve.

"Wachedwa," anatero.

Ndinafuna kuwafotokozera za seva, za magetsi, za lamulo la kuntchito, koma ndinaona kuti palibe chimene chingamveke m'chipinda chimenecho. Ndinangoti pepani ababa, n'kutenga zofunda kupita nazo panja.

Nditabwerera ku Blantyre patapita milungu, mkulu wa makompyuta anandichingamira pakhomo la ofesi, anafunsa za odwala, kenako anandiuza mosangalala kuti anzathu a kunthambi za kumidzi atadandaula nawonso, anabwezeretsa maonekedwe akale kwa aliyense. Ndinamuthokoza, chifukwa si munthu woipa. Koma ndinadutsa msanga kupita kosungira katundu, n'kuyamba kusanja malata amene sanafunikire kusanjidwa, mpaka mtima unatsika.