Chisa cha pakhomo pa a Heikkinen

Cha m'ma sikisi m'mawa, a Arlene Heikkinen anali atagwada kale kuseri kwa tenti, akusankha misundu yamoyo m'chidebe cha nyambo n'kumataya yakufa. Khofi anali pamoto, masokosi a ana ali padzuwa limene linali lisanatuluke, ndipo zingwe zowedzera zimene ana anapiringiza dzulo lake zinali zitamasulidwa zonse. Mlongo wawo Duane ankaliza mkonono m'tenti. Iye ulendowu amautcha wokapuma.

Malo amene ine ndi adzukulu anga timamangapo tenti ndi oyandikana ndi awo, ndipo chaka chilichonse mu Juni timakumana pamenepo, m'mbali mwa damu. A Arlene sanakwatiwe. Amaphika pasukulu ya pulaimale, akabwera kuno amaphikanso. Ana a Duane, Tanner ndi kamlongo kake Brynn, amadziwa kuti wokoleka nyambo, wopala mamba ndi wozula mbedza pachala ndi azakhali.

Koma panali chimene anawo sanauzidwepo. Pansi pa madziwo ndi pamene panali nyumba ya makolo a Arlene. Damu lisanatsekedwe, manda a kutchalitchi anasamutsidwa, koma Eino, mlongo wawo amene anamwalira ali khanda n'kuikidwa kuseri kwa nyumba popanda mwala wapamanda, anasiyidwa. A Arlene anali kamtsikana pa nthawiyo, ndipo ndi amene ankagwedeza kabedi kake. Duane anabadwira m'tauni, za Eino amangomva. Choncho kuwedza kwa ana kunali njira ya a Arlene yokaonera mwanayo. Malowo ankawapeza polunjika mtengo wouma wa paini, koma chaka chimenecho tinapeza mtengowo utagwa ndi chipale, madzi atautenga.

Duane anasuzumira pakhomo la tenti, diso limodzi lili chitsinzinire.

"Achemwali, lero mubwere ndi ndiwo. Zomabweza nsomba m'madzi zija ayi."

"Kagwire wekha. Kapena bulangetilo lakukola kale?"

"Aa, inu! Musadandaule, chaka chamawa tikupita kokhala ndi magetsi. Kuno n'komaliza."

A Arlene anamanga ana majekete oyandamitsa, kenaka anatembenukira kwa ine.

"A Marlys, tandipalasirani bwato. Maso anga akhale pansi."

Pamadzi panali nkhungu yoti nsonga ya nkhafi sinkaoneka bwino. Tinazungulira kwa nthawi yaitali. A Arlene anali chiweramire, akuti pitani uku, ayi bwererani, mawu akuchepa pang'onopang'ono. Tanner anayamba kudandaula njala.

"Azakhali, tasochera eti? Ine ndikanena kwa adadi."

"Ukawadzutse kaye, ndiye ntchito yaikulu."

Brynn, amene anali kutsogolo akuyamwa chingwe cha jekete, anatulutsa chingwecho mkamwa.

"Imani apa. Mwana uja akumva kuzizira."

Ndinasiya nkhafi. A Arlene anandiyang'ana, ine ndinapukusa mutu kuti sindinauzepo munthu.

Madzi atadekha tinaona pansi. Panali mwala wafulati wa pakhomo, ndipo chakuseri kwake panali malo ozungulira, timiyala take toyera ngati pabwalo posesedwa kumene. Chinali chisa cha nsomba yotchedwa basi, mtundu wa kakamwa kakang'ono. Yaimuna ndiyo imasesa ndi mchira n'kukhala pomwepo kulondera mazira, osadya, osachoka. Inali pamenepo, yofiirira ngati mkuwa, diso lofiira litatiyang'ana.

Tanner anali ataponya kale. Chingwe chinakungika, nsomba inadumpha, mnyamatayo n'kukuwa.

"Ndagwira! Iyi ndiye ya adadi!"

A Arlene anaigwira mlomo, kuzula mbedza, n'kuibweza m'madzi Tanner asanaikhudze n'komwe.

"Azakhali, inu ndinu oipa!"

"Tayang'ana pansi, iwe."

Tinsomba tina tinali titathamangira kale pachisapo, tikujompha mazira. Yaimuna ija inafika, tinsomba tija tinabalalika, iyo n'kukhalanso pamalo pake.

Nthawi yonseyi Brynn anali atalowetsa mkono m'madzi mpaka m'phewa, tsaya litagunda m'mphepete mwa bwato.

"Akuti kwawo kulibe wosewera naye," anatero. "Akuti nditsike, si patali."

Bondo lake linali litakwera kale pathabwa. A Arlene anamugwira lamba wa jekete n'kumukokera pamiyendo pawo. Mkono wa mwanayo unali wozizira kuposa madzi a mu Juni. Ndinaukhudza ndekha.

"Umuuze kuti azakhali akana," anatero a Arlene, koma sankayang'ana Brynn.

Nkhungu inayamba kuyera. A Arlene anandilozera thanthwe long'ambika kumtunda ndi denga la kanyumba kosungira mabwato tsidya linalo, mpaka ndinagwedeza mutu. Kenaka ndinapalasa, ndipo a Arlene sanamusiye Brynn mpaka bwato litagunda mchenga.

Masana a Arlene anakazinga masoseji, Duane akuseka kuti alenje abwera chimanjamanja. Anatsuka mbale, anapaka ana mankhwala a udzudzu, anakhuthulira m'madzi misundu yotsala. Atatha anabwera kwathu, thaulo lili paphewa, n'kuima pafupi ndi galimoto yanga pamene ana sakanamva.

"A Marlys, thanthwe lija ndi denga lija mwazisunga?"

"Ndazisunga."

"Duane wanena zoona, ife kuno tisabwerenso. Ana awa sindingawasiye kuti apite okha ndi bambo awo, ndipo pamadzi paja sindiwatengeranso. Inu mumabwera chaka chilichonse. Muzikaimako pang'ono m'malo mwanga, muzimutchula dzina, ndi Eino. Koma chonde, muzipita nokha. Adzukulu anu aja azitsala kumtunda."