Ndalama Yotentha ya Patrício

Patrício anachita kumukoka m'dzenje la golide ali chikomokere, dothi litamugwera. Atatsitsimuka kuchipatala ku Fíngoè, namwino anamuuza kuti nthiti ziwiri zathyoka koma zidzapola. Chimene sichidzapola ndi chifuwa, poti fumbi la zaka khumi ndi ziwiri linali litakhazikika m'mapapo. Anati akapitiriza kutsika pansi, banja lake liyambiretu kufuna matabwa a bokosi la maliro.

Inu amene mukufuna mawu olimbikitsa, ndikuuzirenitu: kumapeto kwa nkhaniyi kulibe galimoto. Ndi nkhani ya munthu wotopa amene ankafuna chinthu chimodzi chokha, kutuluka m'dzenje lisanamumeze.

Mkazi wake Quitéria anagulitsa mbuzi yomaliza kuti agule mankhwala. Musaganize kuti golideyo sankamupeza. Ankamupeza ndithu, tsiku lina wokwanira kugula ng'ombe. Koma okumba golide kwathu kuno ali ndi lamulo lawo: ndalama ya golide ndi yotentha, sigona m'nyumba. Uyenera kuidya ndi anzako ku baraka, komwera mowa kuja, mowa, nyama, nyimbo, mpaka ithe psiti. Ukaisunga, akuti golide amakwiya n'kuthawa m'dzenje la gulu lonse. Ine lamulo limeneli limandinyansa, ndipo ndaona kuti amene amalitchinjiriza kwambiri ndi eni mabaraka.

Nthiti zitapola, Patrício anabwereranso pansi. Akanadya chiyani? Ankatsika akutsokomola, n'kukwera akutsokomola.

Tsiku lina anapita kusukulu kukapepesa kuti mwana wake Lina alibe yunifolomu. Mphunzitsi wa Lina, mayi Eugénia, anamufunsa kuti zimatheka bwanji wokumba golide kusowa ya nsalu. Patrício anafotokoza za lamulo lija, maso ali pansi. Mayiwo sanaseke.

"Ngati ndalamayo sigona m'nyumba, a Patrício, kaigonekeni ku Maputo."

Anamufotokozera kuti ku Maputo kuli msika wotchedwa Bolsa, kumene makampani amagulitsa masheya, ndiye kuti tizigawo ta umwini wawo. Ukagula, kampani ikapindula imakugawirako pachaka. Ikataya, nawe wataya. Iwonso anali ndi masheya ochepa amene anagula kudzera kubanki ku Tete.

Golide atapezekanso, Patrício anawagulira anzake mowa wa tsiku limodzi, kenaka n'kukwera shapa, minibasi ya ku Tete, ulendo wa tsiku lathunthu wophwanya msana. Pamzere kubanki, bambo wina wa jekete anamunong'oneza kuti kampani yakutiyakuti ikukwera ngati utsi. Patrício anathira ndalama yonse mmenemo. Patapita miyezi itatu mtengo unatsika, mantha anamugwira, nabwerera ku Tete kukagulitsa. Anafika kunyumba ndalamayo itadyeka mbali yaikulu, ya shapa osanena. Safunsa anadya phula.

Mayi Eugénia atamva, anamufunsa ngati iye amakumba dzenje chifukwa choti munthu wa jekete waloza ndi chala. Patrício anakana. Anati poyamba umatapa dothi pang'ono, malo atatu kapena anayi, n'kulitsuka m'mbale kuti uone ngati muli kanthu.

"Nanga bwanji ndalama yanu mwakumba nayo osayesa dothi?"

Funso limenelo linamupweteka kuposa nthiti zija, koma linamuthandiza. Kuyambira pamenepo ankangogula kampani imene katundu wake akumuona ndi maso, imene angathe kumufotokozera Quitéria osachita chibwibwi. M'mwezi wa Febuluwale, nthawi imene nkhokwe zili mbee, ankayenda mumsika wa Fíngoè kuona zimene anthu akugulabe ngakhale njala yawapana. Kenaka ankapempha mayi Eugénia kuti amuwerengere pa foni malipoti a Chipwitikizi: kodi kampaniyo yakhala ikugawa phindu zaka zapitazo, kodi ngongole sizinaimize? Akakhutira, ankagula pang'ono n'kudikira chaka chathunthu asanawonjezere. Anasankha makampani atatu. Ndalama ya chakudya sankaikhudza.

Chaka chachinayi chiyambire kugula masheya, golide anasowa m'dzenje la gulu lawo. Anakumba miyezi iwiri, osapeza ngakhale kambewu. Mkulu wa gululo anali Leonel, kumpadre wake, amene anamuimira Lina paubatizo, ndipo ndi yemweyo amene anafukula Patrício ndi manja tsiku la ngozi lija. Anabwera masana n'kukhala pakhonde, nanena kuti anyamata onse akudziwa chimene chathamangitsa golide.

"Kumpadre, kagulitse mapepala akowo, tidzamwe, golide abwerere. Apo ayi, chingwe chathu usadzachigwirenso."

Inali nthawi yoipa. Mitengo ya masheya a makampani ake awiri inali itatsika, ndipo Patrício anali atatopa ndi kudikira, atatopa ndi kusekedwa, atatopa ndi chifuwa. Kunena zoona anatsala pang'ono kuvomera. Kukana munthu amene anakufukula ndi manja si chinthu chapafupi. Quitéria anali pambali akusenda mtedza, ndipo analankhula osadzutsa mutu.

"Bambo a Lina, mukagwanso, mbuzi ina yoti ndigulitse ndilibe."

Patrício anamuuza Leonel kuti sagulitsa. Leonel ananyamuka osatsanzika.

Zaka zitatu zotsatira zilibe chokoma choti ndikuuzeni. Gulu lililonse linamukana, poopa tsoka lake. Anayamba kutsuka kumtsinje dothi limene ena ataya, miyendo ili m'madzi kuyambira m'mawa, n'kumatola timbewu tochepa. Akadutsa pa baraka ankamuitana kuti bwana wa ku Bolsa, n'kumufunsa ngati ndege yake yafika. Chaka china kampani imodzi sinagawe kanthu. Koma enawo anagawa, ndipo zimene agawazo ankagulira masheya ena. Paja amati pang'onopang'ono ndi mtolo, koma wonena mwambiwo sanatiuze kuti mtolowo umachedwa chonchi.

Chaka chachisanu ndi chitatu, phindu la pachaka linakwana feteleza ndi mbewu za munda wonse. Kampani imodzi inali itakwera bwino, choncho anagulitsako theka n'kugula ng'ombe ziwiri ndi pulawo. Tsopano amalima munda wake, n'kumalimiranso anthu ena momulipira. Sanalemere. Nyumba ili ndi malata koma pansi mpadothi, ndipo amatsokomolabe kukazizira. Koma m'dzenje sanatsikenso, ndipo Quitéria anasiya kudzidzimuka akaona munthu akuthamangira kunyumba kwawo.

Chilimwe chathachi, Patrício akukonza goli pansi pa mtengo, anaona munthu akubwera pang'onopang'ono, akuima kuti apume. Anali Leonel. Anali atawonda, ndipo mpweya wake unkamveka patali. Zaka zinayi anali asanapondepo pakhomopo. Anakhala pansi, nalonjerana ndi Quitéria, nafunsa za Lina, za ng'ombe, za mvula. Pomaliza anatulutsa m'thumba kabotolo ka mankhwala, mkati muli golide pang'ono, n'kukaika pa bondo la mnzake. Anapempha kuti amuperekeze ku Tete, koma anyamata a kudzenje asamve.

"Kumpadre, kodi sindinachedwe?"

Patrício anayang'ana chifuwa cha mnzakeyo chikukwera ndi kutsika. Akanatha kumunamiza, koma anthu awiriwa anadziwana kalekale.

"Wachedwa, kumpadre. Mwina iwe sudzadyako. Koma ana ako ndi anayi. Shapa imanyamuka m'mamawa."

Leonel anagwedeza mutu movomera, napukuta m'maso ndi chipewa. M'mawa mwake anakwera limodzi.

Inu amene mukuwerenga, sindikukulonjezani kuti masheya adzakulemeretsani. Amatsika, ena amafa, ndipo wogula mwakhungu amalira. Yesani dothi musanakumbe, musathire zonse pamodzi, ndipo ya chakudya cha ana isiyeni. Koma yambani msana ukadali wowongoka. Ngati mwatopa, pumani. Ngati akusekani, asiyeni aseke. Ngati mwachedwa, nyamukanibe, poti pali ena pambuyo panu amene sanachedwe. Mtima wokhawo musautaye.